Zipeso za Delfina

Delfina Boggio ndinagwira naye ntchito zaka zisanu ndi zinayi mumzinda wa Torino, m'chipinda chodulira ndi kulumikiza mafilimu. Tinalipo amayi khumi, aliyense ndi sizasi yake ndi kabotolo ka guluu wonunkha mpaka mutu waching'alang'ala. Tsiku lonse tinkangoona madona a m'mafilimu akukomoka ndi chikondi, kukoka makatani, kumwa poizoni. Kulira kwa anthu okhuta!

Mwamuna wake, Secondo, anali kalipentala pakampani pomwepo. Tsiku lina onyamula bokosi la maliro a dona wina m'filimu atachepa, anamuveka jekete lakuda n'kumuika kutsogolo. Iye osadziwa mwambo wake, anatembenuka n'kuyang'ana kamera, maso ali tong'o ngati mbuzi. Sabata yomweyo anamuitana kunkhondo. Chithunzi chake china kunalibe, ngakhale cha ukwati.

Filimuyo itafika patebulo la Delfina, kapitawo wathu Ferraudo anaiunika pazenera.

"Chitsiru ichi ndani? Anthu azilira donayo kapena aziseka chimutu ichi? Dula!"

"Ndi amuna anga, bwana," anatero Delfina uku akuseka.

"Ndiye nkhope ukuidziwa kale. Dula."

Ine ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, bisako kachidutswa."

"Aa, Pinota, pakhomo paja amatisecha. Ntchito indithere chifukwa cha mphuno ya Secondo? Ndidzaiona mwini wake akabwera pa Khirisimasi."

Anadula bwinobwino, poti anali katswiri, n'kuponya m'dengu. Zam'dengumo ankazigulitsa Lachisanu lililonse kwa anthu ozisungunula n'kupanga zipeso.

Kalata ya asilikali inabwera patatha masabata atatu. Secondo anafera kumapiri, mtembo osapezeka. Delfina anathamangira kudengu kuja, koma munali zidutswa za filimu ina.

Filimu ya maliro ija inatchuka, mzinda wonse unalira dona amene ife tinkamuona tsiku ndi tsiku akudya makeke. Koma Delfina panalibe munthu aliyense amene analira naye kupatula ine. Ferraudo sanapepese, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Pano takalamba tonse, maso anatha ndi ntchito ija. Delfina ali ndi zipeso zodzaza kabati, sapesera n'chimodzi chomwe. Akapita kumsika amagula china, n'kuchiunika padzuwa monga tinkachitira ndi filimu.

"Pinota, maso ako ndi abwinoko. Ukuonamo kanthu?"

Ndimachitenga, ndimachiunika nthawi yaitali. Mulibe kanthu.