Mng'ono Wanga Wodutsitsa Ena Pamzere

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi za moyo wa mng'ono wanga, telala uja ambiri mumamutcha Mayi Pitani-Inu. Akuti ndilembe mofatsa. Ndiyesetsa, koma munthuyu anandipsetsa mtima zaka makumi asanu ndi awiri.

Khalidweli analiyamba ali mwana. Pampopi ankadutsitsa aliyense mpaka ndowa yathu kufika pakhomo dzuwa lili pamutu, ndipo wokalipiridwa ankakhala ine poti ndine wamkulu. Atakula anaphunzira kusoka, ndipo nsalu za paguwa mukuzionazi ndi ntchito ya manja ake. Misa sankaphonya, koma pamzere wokalapa ankakhala womaliza, akunong'oneza kuti, “Pitani inu, Ambuye sathawa.”

Ali ndi zaka makumi asanu, ndinaona kuti batani la pakolala ya bulauzi yake lasunthidwa katatu, chifukwa timabowo ta ulusi wakale tinkaonekera. Nditamugwira pakhosi ndinapeza kachotupa kolimba, kokwera ndi kutsika akameza malovu. Iye anati sikapweteka. Ndinamukokera kuchipatala. Adokotala atamuunika ndi makina anati kachotupako kali pachithokomiro. Anatilimbitsa mtima kuti zotupa zambiri zotere si khansa, koma kameneka maonekedwe ake sanawasangalatse, choncho abwere Lachinayi adzatengeko pang'ono ndi singano yopyapyala kuti akayeze. Tsikulo ankaona anthu khumi ndi awiri okha, aliyense ndi kakhadi ka nambala.

Lachinayi loyamba analawirira, anapeza nambala yachitatu, n'kubwerera osaonedwa. Kakhadi kake anapatsa mayi wina amene anafika makhadi atatha. Sabata yotsatira anapatsa nkhalamba yochokera kutali. Miyezi isanu inatha choncho, mawu ake akuyamba kusasa, ine ndikumulalatira mumtima kolona ili m'manja.

Nditatopa nazo, ndinajomba kuntchito n'kumuperekeza, kakhadi ndikusunga ine m'thumba. Tili pabenchi anaona mtsikana wina akulira pakhomo atasowa nambala.

“Achemwali, ndipatseni kakhadiko.”

“Ukangosuntha pamenepa ndikukhalira pamiyendo.”

Anasunthadi, ndipo ndinamukhaliradi, ine ntchembere ya ana anayi, anthu akufa nacho chiseko. Namwino ataitana nambala yathu, ndinamukankhira mkati.

Inali khansa, ndipo inali itafalikira kale m'mbali mwa khosi. Madokotala anachotsa chithokomiro chonse, opaleshoni n'kukula kuposa mmene ikanakhalira. Mawu ake sanabwererenso, anatsala onong'ona. Anamulembera piritsi la m'mawa uliwonse asanadye kanthu, ndipo ankamwa akangomaliza pemphero, osadumphitsa. Sanadandaulepo. Chomwe ankafunsa n'chakuti mtsikana wolira uja zinamuthera bwanji. Namwino anatiuza kuti anaonedwa sabata yotsatira, ndipo chotupa chake sichinali khansa. Ndinamubwerezera mng'ono wanga mawuwo mokweza kuti mwina achite manyazi. Iye anangoti Mulungu alemekezeke, n'kupitiriza kusoka.

Anakhala zaka zina makumi awiri, ine ndikumuperekeza kokayezetsa magazi, kakhadi kali m'thumba mwanga nthawi zonse. Inu akhristu anzanga amene mukusuntha mabatani a pakolala, chikondi chake mutengere, koma nambala yanu musapatse munthu.

Mwezi watha, atadzozedwa mafuta a odwala, anatsikira kuli chete masana, dzanja lake lili m'manja mwanga. Ine ndimamuposa zaka zisanu ndi chimodzi, shuga wanditha, ndipo tinapangana kalekale kuti wodzanditseka maso ndi iyeyo. Moyo wake wonse anadutsitsa anthu osawadziwa n'komwe. Ulendo umodzi wokhawu, umene ndinkadikira kumva akuti “Pitani inu, achemwali,” anatsogola osandifunsa. Ambuye amulandire, koma ine ndikadali wokwiya.