Bodza la Hadi Disiki

Ku situdiyo yathu ya zithunzi ku Sinza, abwana anga, a Saidi, anandituma kuyerekeza liwiro la hadi disiki yakale ndi la disiki yatsopano ya mtundu wa SSD m'bokosi losungira mafayilo pa netiweki. Yochedwayo ifufutidwa, anatero. Koma m'yakaleyo ndinali nditabisamo kanema wa malemu agogo amene anandilera, akundikalipira chifukwa cha nsapato zamatope. Ndinachita manyazi kunena.

SSD inatsegula mafayilo nthawi yomweyo, inzakeyo ikungolira.

"Zikufanana," ndinanama, maso ali pansi.

"Njinga yamoto ya bodaboda ifanane ndi minibasi ya daladala ya ku Manzese? Iwe, muli chiyani m'yakalemu?" anafunsa a Saidi.

Ndinawaonetsa kanemayo. Anaonera mpaka kumapeto, n'kumasula disikiyo okha.

"Tenga. Koma bodzali agogo ako akanakukalipira nalonso."

Asante, zikomo wa kuno, anandikanira pakhosi tsiku limenelo. Ndikumunena lero.