Kachala ka a Sunganani

Ku Njombwa ukafunsa za Fainala, anthu amati, "Uja wa mafunso uja?" Eya, yemweyo. Ndi mayi wa ana anayi, amasankha fodya pa esiteti, ndipo ku dzanja lake lamanzere kuli kachala kachisanu ndi chimodzi, kamene kamayenda m'magazi a kwawo.

Mafunso ake onse anali a munthu mmodzi, agogo ake aamuna, a Sunganani. Iwowa adanyamuka mu 1946 kukafuna ntchito ku Tanganyika, kusiya mkazi ali ndi pakati, ndipo sadabwerenso. Mudzi udangogamula kuti adatchona. Mwana adabadwayo, a Consolata, mayi ake a Fainala, adakula akunenedwa kuti mwana wa mtchona. Mpaka ukalamba, akamva dzina la bambo awo ankalavula. Zimenezi Fainala zinkamuwawa koopsa.

Atamva pa wayilesi kuti sitima ya Vipya idamira pa nyanja ya Malawi chaka chomwecho ikulowera kumpoto, adaganiza kuti mwina agogo akewo adali momwemo. Basi, tenanti aliyense wochokera kunyanja sankapuma naye. Anzake ankamuseka, "Iwe, Kasungu yomwe ino, nyanja waiona kuti?" Iye osaleka, mutu wake ndi wouma ngati chitsa.

Chaka chatha kudabwera a Duncan, tenanti wachikulire wa ku Chitimba, kunyanja kumpoto. Akusankha fodya m'chigafa, Fainala adawaponyera funso lake lija. Iwo maso anali pa dzanja lake.

"Mama, tambasulani zala," adatero a Duncan. "Amayi anga ankanena kuti sitima itamira, madzi adalavula munthu kwathu. Panalibe womudziwa, koma anali ndi kachala ngati kanuka, kumanzere komweko. Adamuika m'manda athu. Mpaka lero timalambulapo, timati pa Mlendo."

Fainala adakhala pansi, pa fodya wa bwana pomwepo!

Masana adapeza mayi ake akutongola chimanga pakhonde. Adawafotokozera zonse, nkuwonjeza, "Amayi, mwina si iwo. Anthu a kachala ndi ambiri."

A Consolata adayamba kusisita chipsera cha padzanja pawo, pamene kachala kawo adakamanga ulusi ali khanda kuti kagwe.

"Ndiye kuti sadatithawe," adatero. "Anthu osawadziwa akhala akuwalambulira, ine mwana wawo ndili kalikiliki kuwatukwana."

Adalira, Fainala naye kulira. Kenako gogoyo adapukuta maso ndi chitenje, nkuloza khasu lawo laling'ono lomwe lidatsamira pankhokwe.

"Ukafunse a Duncan basi ya ku Chitimba timakwerera pati. Khasulo ulinole. Chaka chino pa a Sunganani ndikalambula ndekha."

Aka kanali koyamba Fainala kumva mayi ake akutchula dzinalo osalavula.