Kalavana ya Achimwene ku Amaramba

Achimwene atandiimbira foni kuti tikapume masiku awiri kunyanja ya Amaramba, ndinaseka mpaka mayi amene ankasankha nsalu za kapulana pa benchi langa anandiyang'ana modabwa. Kupuma, ine? Zinali zitatha zaka zinayi ndisanakhale pakhomo panga Loweruka. Tsiku limeneli ndi lomwe msika wa ku Mandimba umayenda malonda, koma ine ndinkatseka, n'kukwera chapa, minibasi yolowera ku Massangulo, kutsika panjira, n'kuyenda wapansi ola lathunthu kukafika kwa amayi ku Ngauma. Kumeneko kunali kuchapa, kudzaza mitsuko yonse, kuwagawira mapiritsi a shuga m'timabotolo chifukwa maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndi kumva madandaulo akuti sopo amene ndabweretsa sachita thovu.

Tonse awiri tinkadziwa kuti kupumako ndi dzina chabe. Achimwene amakhala ku Cuamba, ndipo anali atagula kalavana kwa anthu amene ankamanga msewu wa phula. Ndi kanyumba kachitsulo ka matayala awiri, kokokedwa ndi galimoto, kokhala ndi bedi, zenera limodzi ndi chitseko. Nyumba yawo inali yodzaza kale, ndiye anaganiza zoimika kanyumbako kuseri, pansi pa mtengo wa mango, kuti amayi azikhalamo pafupi ndi chipatala. Amayiwo sankadziwa kanthu. Nzeru ya achimwene inali yakuti tikawagoneke momwemo kunyanja, akazolowere, kenako tiwauze bwinobwino. Achimwene anga ndi otero, amalolera kuotcha mafuta a galimoto tsiku lonse kusiyana ndi kunena mawu awiri ovuta. Ine ndinavomera chifukwa ndinali nditatopa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti amayi avomere.

Tinanyamuka Lachisanu, mwezi wa dzuwa loswa mtengo, mvula isanayambe. Kutsogolo kunakhala achimwene ndi amayi, kumbuyo ine, alamu ndi ana awo aakazi awiri. Titasiya phula n'kulowa njira ya mchenga, kalavana inatitimira kawiri. Kukankha koyamba tinakankha tonse. Kwachiwiri alamu anati mutu wayamba kuwawa, atsikana anati nsapato zawo ziwonongeka, ndiye ndinakankha ndi anthu awiri odutsa pa njinga, achimwene akukuwa pawindo kuti ndiikepo mphamvu.

Malo ake anali a munthu wina wamalonda amene anatchinga gombe ndi mpanda wa bango, n'kumanga zisakasa ziwiri ndi chimbudzi chopanda chitseko. Nyanjayo inalipo ndithu, koma kuti uifike unkayamba wadutsa matope ofika m'mawondo, ndipo mlonda wa pamalopo anatichenjeza za mvuu tisanatsitse n'komwe katundu. Atsikana anazungulira mpanda wonse mafoni ali m'mwamba kufuna netiweki. Amayi anatsika pang'onopang'ono, anayang'ana mpanda, anayang'ana lona imene achimwene ankamangirira pakati pa kalavana ndi mtengo.

"Ndiye kampu yake ndi imeneyi?" anafunsa amayi.

"Eya amayi," anatero achimwene akumwetulira. "Anthu a m'tauni amatere akafuna kupuma. Amasiya nyumba zawo n'kudzagona kuno."

"Amakhala akuthawa chiyani?"

Achimwene anaseka, koma amayi sankaseka. Nthawi ya nkhondo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi mu kampu ya othawa kwawo ku Malawi, pansi pa lona, ife awiri tili aang'ono. Bambo anamwalira komweko. Titabwerera, amayi anaumba okha njerwa za nyumba imene tinkafuna kuwachotsamoyo. Zonsezi tinkazidziwa, koma pokonza ulendo palibe anazikumbukira, ngakhale ine amene ndimadziyesa wanzeru kuposa achimwene.

Loweruka m'mawa ndinapeza amayi atasiya bedi, atagona pansi pa kalavana pa nsalu yawo, akuti bedilo limagwedezeka. Udzudzu unali utatidya tonse. Ndinaganiza kuti akhala pamthunzi n'kumadandaula, koma ayi. Anabwereka khasu kwa mlonda n'kuyamba kukumba ngalande mozungulira kalavana, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anasesa bwalo lonse. Anapachika thumba pakhomo la chimbudzi, anamanga chingwe choyanikapo zovala, anaika miyala kunsi kwa matayala, kenako anayamba kutola nkhuni zokwana mwezi. Ndinawauza kuti mawa tikupita.

"Ku Malawi kuja anatiuzanso choncho," anandiyankha, n'kupitiriza kutola.

Popeza saona bwino, ndinkayenda pambuyo pawo kuopa kuti agwira njoka m'malo mwa nkhuni. Madzi ndinkatunga ine pa mjigo wa kumudzi wapafupi, kuphika ine, kutsuka ine. Achimwene anakhala pa mpando wopinda atavula malaya, akujambula nyanja, nthawi ndi nthawi n'kumandikodola ndi maso kuti, waona mmene akukondera? Masana kalavana inatentha ngati ng'anjo ya njerwa, moti botolo la mafuta odzola la alamu linasungunuka n'kutayikira pa bulangete. Linali Loweruka langa la masiku onse, kungoti madzi anali kutali ndiponso anthu owatumikira anali atawonjezeka. Ndinakwiya tsiku lonse osadziwa woti ndimukwiyire.

Lamlungu m'mawa achimwene anandikokera kuseri kwa chisakasa.

"Mlongo, uwauze ndiwe. Iwe amakumvera."

"Kalavana ndi yanu, nyumba ndi yanu, koma pakamwa pakhale panga?"

"Ine ndikayamba kulankhula ndimasokoneza. Ndikagule kaye nsomba kwa asodzi, ndibwera pompano."

Anapitadi, atsikana ndi alamu n'kuwatsatira. Tinatsala awiri ndi amayi pansi pa lona, ine ndikukwecha mapoto ndi mchenga. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira ku Mandimba. Ndinkati ndiyambe ndi chipatala, kenako magetsi, madzi a pampopi, adzukulu, tchalitchi chapafupi. Ndinali ndisanatsegule pakamwa pamene amayi anatenga poto amene ndinali nditamaliza, anamupapasa m'kati ndi chala, n'kumubweza kwa ine.

"Kutsuka kwanji kumeneku? Ndinakuphunzitsa chonchi ine?"

Basi, zonse zimene ndinakonza zinabalalika.

"Amayi, kalavanayi ndi yanu. Achimwene akufuna kukaiimika kuseri kwa nyumba yawo kuti muzikakhala ku Cuamba. Tabwera kuno kuti muizolowere."

Amayi anaika manja pamawondo.

"Nyumba yanga yatani?"

"Sinatani."

"Yadontha? Yang'aluka?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Ndatopa ine, amayi. Ndatopa. Msana wanga watha, malonda anga akufa, ana anga akukula ndi bambo awo okha. Sindingathenso."

Ndinalankhula mokweza, moti mlonda amene ankadutsa anatembenuka n'kubwerera. Ndinayembekeza kuti andikalipira, andikumbutse mmene anandiberekera kumsana kuwoloka malire, ndipo yankho ndinali nalo kale. Sanatero. Anatenganso poto uja, anamukwecha okha mpaka anawala, n'kumuvundikira pa udzu.

"Chitseko cha kalavanayo chimatsekeka m'kati?" anafunsa.

"Chimatsekeka."

"Chabwino."

Anadzuka n'kupita kukamasula chingwe chawo. Anachotsa miyala kunsi kwa matayala umodziumodzi, anabweza khasu kwa mwini wake, nkhuni anazisanja bwino pafupi ndi mpanda kuti obwera pambuyo adzazipeze. Achimwene atabwera ndi milamba yawo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Nsombazo tinadya, ndipo amayi anadya bwino ndithu kuposa ine.

Pobwerera kalavana sinatitimire. Titafika pa phula, pomwe njira ya kumanzere imapita ku Mandimba ndi ku Ngauma, ya kumanja ku Cuamba, achimwene anayamba kukhotera kumanzere kuti akatitule kwathu.

"Kumanja," anatero amayi.

Achimwene anaima pambali pa msewu. "Amayi, si lero. Tikakusiyeni kaye kunyumba, mukalongedze, mukatsanzike anthu. Tidzakutengani mwezi wamawa."

"Ndikakaona khomo langa sindidzatulukanso, ndikudzidziwa. Ndinachokapo kale ndi nsalu imodzi, si zachilendo. Khota."

"Nanga zovala, mankhwala?"

"Mankhwala ali m'thumbamu. Zovala mlongo wakoyu adzatumiza pa chapa."

Ndinayamba kunena kuti sindinatanthauze kuti achoke lero, kuti tingathe kudikira mpaka atakolola, kuti mwina ndinangolankhula ndi mkwiyo. Amayi anamasula mfundo ya pa ngodya ya kapulana yawo, anatulutsa kiyi wa nyumba yawo, n'kutambasulira dzanja kumbuyo osatembenuka.

"Mbewu ya chimanga ili m'chigubu kuseri kwa chitseko, ukapatse a kwa mnansi wathu adzale, isafumbwe. Nkhuku utenge. Tambala wofiira uja ndi wolusa, umugwire m'mawa asanatuluke. Tsika, chapa ikupeza pompano."

Ndinatsika ndi kachikwama kanga. Alamu anandipatsa botolo la madzi pawindo osandiyang'ana kumaso. Galimoto inakhota, kalavana ikudzikoka pambuyo, ndipo ndinaiona mpaka inabisika pa chitunda. Amayi sanatulutse dzanja.

Inadutsa chapa yoyamba, kondakitala akukuwa kuti Mandimba, Mandimba, ine osaimitsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi mayi wina wogulitsa chinangwa chootcha, amene anandifunsa m'Chiyao ngati ndikudwala. Ndinati ayi. Ndinkafuna kulira, ndipo ndikanalira bwenzi zili bwino. Koma chimene ndinamva pamwala paja n'chakuti mapewa anga apepuka, apepukadi, koyamba m'zaka zinayi, ndipo ndinachita manyazi kwambiri moti sindinathe kumuyang'ana mayi wa chinangwayo.