Mchemwali wa a Nunzia pa Linga

Kwathu kuno ukafunsa za a Nunzia, aliyense amakulozera m'mwamba. Sikuti anatisiya ayi, ali moyo ndipo lilime lawo likadali lakuthwa. Kungoti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dzuwa likamatuluka, mayi wokhala ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri ameneyu amakhala ali pamakwerero otsamira linga lakale limene lazungulira tauni yathu, mpango uli kumutu, kathumba kali m'khosi, akuthyola kaperi.

Alendo otsika m'maboti padoko kaperi amamudziwira m'mbale, pamwamba pa nsomba. Sadziwa kuti ndi timaluwa tating'ono ngati nandolo, timene umathyola tisanamasule n'kutikwirira mumchere, ndipo kuti wokoma ndi womera m'ming'alu ya linga, mbali yoyang'ana kunyanja. Akawaona a Nunzia ali lendee m'mwambamo amatulutsa mafoni, ena n'kumafuula kuti agogo mugwa.

“Auzeni asatseke njira,” amatero a Nunzia osacheuka n'komwe. “Linga ili linabweza zombo za adani, ndiye lilephere kunyamula nkhalamba imodzi?”

Owauzawo ndi a Oronzo, mlamu wawo, msodzi amene anasiya kupita panyanja mawondo atakana. Chimwalirireni mkulu wawo, mwamuna wa a Nunzia, ndiwo amagwira makwerero, ndipo awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse.

“Alamu, mwagwira kapena mukusinza?”

“Ndagwira. Koma mukumadya chiyani masiku ano? Makwererowa akudandaulatu.”

“Akudandaula fungo la vinyo likuchokera pansipo.”

Zitsamba za palinga zilipo zambiri, koma chimodzi chinali chosiyana. Chinali chachikulu kuposa zonse, cholendewera kumunsi kwa nyumba za mumsewu wa Santa Lucia. Anachibzala ndi mayi awo, malemu a Addolorata, chaka chimene a Nunzia anabadwa. Anachita monga amachitira akale: kuika njere za kaperi m'kati mwa nkhuyu yakupsa, n'kuikankhira mumng'alu ndi chala. Tonse tinkachitchula kuti mchemwali wa a Nunzia, ndipo eni akewo ankachipatsa moni m'mawa uliwonse asanachikhudze.

Chaka chatha linga linayamba kutupa mbali yomweyo, ngati mimba ya mbuzi yokhuta. Akhonsolo anaitanitsa injiniya kuchokera ku mzinda, mtsikana wochepa thupi dzina lake Federica. Anayeza sabata yathunthu, kenako ananena mosapsatira mawu kuti zomera zonse zizulidwe, chifukwa mizu ikhoza kukhala ndi mlandu.

A Nunzia anamupeza pachipata cha kudoko, anthu ali piringupiringu.

“Mwanawe, unabadwa liti? Kaperi ndi linga akhala limodzi agogo ako asanamere mano. Lero wabwera ndi kachipewa kako koyera kudzawalekanitsa?”

“Amayi, kuseri kwa miyalayi kukugona mabanja khumi ndi limodzi.”

“Ukundiuza ine? Theka la ana a mumsewu umenewo ndinawanyamula pa ubatizo!”

Anakangana mpaka oyendetsa maboti anazimitsa mainjini kuti amve bwino. Koma mtsikanayo sanali woipa mtima. Pomaliza anati, “Chabwino amayi, sankhani chimodzi. Chimenecho sitichikhudza.” Panalibe wofunsa kuti asankha chiti, ndipo a Nunzia anabwerera kwawo akuyenda ngati apambana kukhoti.

Kutatsala masiku anayi kuti ntchito iyambe, kunagwa mvula yosayembekezeka masiku awiri. Itakata, a Nunzia anakwera. Ali m'mwambamo anaona kuti timabowo tonse totulutsira madzi m'lingamo tasiya mizere yonyowa yotsikira pansi. Pokhapo pa mchemwali wawo panalibe mzere, koma miyala ya m'mbali inali ikuchita thukuta. Apo anakumbukira mawu a mayi awo: “Ndinamuika pakamwa pa ngalande kuti asadzamve ludzu.”

Kutsutsa galu n'kukumba. Anapinda malaya, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa masamba mpaka m'chigongono. Bowo linalipodi, koma lodzaza ndi muzu wonenepa ngati mwendo wa munthu, wothina moti ngakhale chala sichikanadutsa. Madzi a msewu wonse wa Santa Lucia analibe potulukira, ankangodzazana m'mimba mwa linga.

Anatsika pang'onopang'ono, n'kumufotokozera mlamu wawo zimene anaona. A Oronzo atamva nkhaniyo anayang'ana uku ndi uku.

“Alamu, waona ndani? Kamtsikanako kanalonjeza pagulu. Ingokhalani chete.”

“Ndaona ndine.”

“Nanga anthu akaseka? Munakalipatu tauni yonse ikumva.”

“Aseke. Mano ndi awo.”

Kunena zoona zinawapweteka a Nunzia, ndipo tsiku limenelo pakhomo pawo sipanatuluke fungo la chakudya. Koma kutacha anapita okha kukagogoda kumene Federica ankagona, atanyamula sowo ya malemu amuna awo.

“Tavala kachipewa kako, unditsate. Wolakwa ndamupeza, ndi wakwathu.”

Federica atakwera n'kuona yekha, anatsika maso ali pansi. Anati aitana anyamata a ntchito adzadule.

“Anyamata ako akhudze mchemwali wanga? Gwirani makwerero, alamu.”

Anayamba athyola kaperi yense amene anatsala, mmodzimmodzi, osafulumira. Kenako anayamba kucheka. Mbiri inali itafika kale kumsika, ndipo anthu anadzaza pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja, asodzi, amayi a mu Santa Lucia, ndi alendo amene sankadziwa chimene chikuchitika. Palibe anaseka. Chitsamba chija chinagwa ndi maluwa ake oyera, ndipo atazula muzu ndi chitsulo, madzi akuda onunkha anatuluka mwamphamvu n'kuwanyowetsa a Nunzia kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Anatuluka mpaka masana. Misozi ngati inalipo inapita ndi madzi omwewo, ndipo a Oronzo amalumbira mpaka lero kuti iwo m'maso munangowalowa mchenga.

Linga linakonzedwa. Federica anayang'ananso zitsamba zina chimodzichimodzi, a Nunzia akumulozera pamene pali ngalande iliyonse, ndipo zambiri zinapulumuka. Ife timanyadira mpanda wathu, timauonetsa kwa aliyense wotsika padoko, koma ine ndikamadutsa pansi pa Santa Lucia ndimayang'ana kabowo kaja kamene kamatulutsa madzi mvula ikagwa.

Tsiku limene Federica ankanyamuka, a Nunzia anamuimitsa pachipata pomwe anakanganirana paja. M'dzanja munali nkhuyu yakupsa yong'ambika pang'ono, njere zakuda za kaperi zikuonekera m'kati.

“Izi ndinatola kwa mchemwali wanga chaka chatha. Boti lidikire. Mayi anga anasankha ndi mtima, iwe usankhe ndi sukulu yakoyo. Tandionetsa mng'alu wopanda mlandu.”