Nyumba ya Malata ya Anganga ku Kalembo

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa ku Kalembo, m'boma la Balaka, ndinapeza kanyumba ka lendi m'mbali mwa njira yopita kumjigo. Kwathu ndi ku Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo ndinkadziyesa mayi wodziwa kutentha. Okutobala wa ku Balaka anandigonjetsa. Ikamakwana naini koloko m'mawa, choko chinkaterera m'zala chifukwa cha thukuta, ana ali kuwodzera.

Kumanja kwa nyumba yanga kunkakhala mayi wina wachisilamu, wamasiye, wogulitsa nsomba zouma. Tonse tinkangowatchula kuti amayi a nsomba. Kawiri pamwezi ankapita ku Chiuta kukapikula matemba ndi milamba yowamba, ndipo atamva kuti kwathu ndi komweko, ankabwera ndi nkhani zakumudzi pamodzi ndi kamulu ka matemba. Anali aafupi, oyenda mwachangu, olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao.

Kumanzere kunali nyumba yokongola kuposa zonse m'mudzimo, ya njerwa zowotcha ndi malata atsopano. Munkakhala bambo wina wokalamba kwambiri, yekhayekha, amene aliyense ankawaitana kuti anganga. Anawamangira ndi mwana wawo wa ku Joni. Mitengo ya mango imene inali pabwalo anaidula kuti awotchere njerwazo. Mawindo anali aang'ono, ndipo poopa akuba anawakhomerera matabwa. Siling'i munalibe.

Ine ndinkaisirira nyumbayo. Tsiku lina ndinauza amayi a nsomba kuti, "Anganga ali ndi mwayi, mwana wawo anawakumbukira."

"Aphunzitsi, munayamba mwalowamo masana?" anandifunsa.

"Iyayi."

"Ine nsomba ndimadziwa mmene zimaumira. M'nyumba muja munthu akuuma."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala.

Linali Loweruka pamene zinachitika. Mjigo unkatulutsa madzi pang'onopang'ono sabata imeneyo, moti wokatunga ankapita mbandakucha n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali pakhonde ndikuchonga makope. Amayi a nsomba anadutsa atasenza ndowa, koma atafika pa nyumba ya anganga anaima. Anatula ndowayo, n'kugogoda. Anaitana m'Chiyao kawiri, katatu. Kunali zii.

"Aphunzitsi, tabwerani! Anganga sanatuluke lero. Madzi amene ndinawasiyira dzulo ali pomwepa, sanawakhudze."

Ndinati mwina apita kokacheza. Iwo anandilozera ndodo yawo imene inali itatsamira khoma. Popanda ndodoyo anganga sankafika ngakhale kumsewu.

Chitseko chinali chokhoma mkati. Amayi a nsomba anathamangira kwawo, n'kubwera ndi khasu, ndipo anachikanula osafunsa munthu. Mpweya umene unatuluka unandiwomba kumaso ngati wa mu uvuni. Anganga anali atagona pansi pafupi ndi chitseko, maso otseka, milomo yong'aluka. Nditawagwira pamphumi ndinachotsa dzanja msanga. Khungu linali lotentha koma louma, popanda ndi dontho la thukuta lomwe.

Ndinayamba kulira, ndikuganiza kuti atisiya.

"Kulira n'kwa mawa," anatero amayi a nsomba. "Gwirani miyendo."

Tinawanyamula mpaka kuseri kwa nyumba yanga kumene kunali mthunzi wa mtengo wa nimu. Amayi aja anavula chitenje chapamwamba, anachiviika m'ndowa, n'kuwafunditsa pachifuwa. Madzi amene anadikirira m'mawa wonse anawathira pamutu, m'khosi ndi m'khwapa mwa anganga osawaumira. Anandipatsa lichero kuti ndizikupiza. Ndinakupiza mpaka mikono kuwawa. Patapita nthawi anganga anaphethira, n'kunena mawu amodzi: "Mesi." Ndiko kuti madzi m'Chiyao.

"Alhamdulillah," anatero amayi a nsomba. Anandituma kukatenga shuga ndi mchere pang'ono, anasungunula m'kapu, n'kumawamwetsa ndi supuni, atawatsamiritsa pachifuwa pawo ngati khanda. Kenako anaimitsa wakabaza wa njinga yamoto amene ankadutsa, ndipo anakwera kumbuyo atawakumbatira anganga pakati. Ine ndinatsatira pa njinga yakapalasa.

Kuchipatala anawaika diripi. Namwino anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina, ndipo kuti masiku amenewo ankalandira anthu otero kawirikawiri: okalamba okhala okha, makanda, ndi amayi okomoka kuganyu chifukwa cholima masana opanda madzi akumwa. Anganga anagona kumeneko masiku awiri.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Amayi a nsomba anali atangoyamba. Anandipempha foni kuti aimbire mwana wa anganga ku Joni. Ndinkaopa kuti amukalipira, chifukwa pakamwa pawo sipankachedwa. Koma anayamba ndi kumuyamikira.

"Bambo, nyumba munamanga, mudzi wonse ukuona. Chatsala n'chakuti ipume. Tiloleni tichotse matabwa m'mawindo, tiike zitsulo. Pansi pa malata tikhomerepo mphasa."

Bamboyo anayankha kuti, "Amayi, ine ndimayesa ndawachitira zabwino."

"Munachita zabwino. Dzuwa la masiku ano ndi limene lasintha, si mtima wanu."

Sabata yotsatira kalipentala anatsegula mawindo. Mphasa za bango zinakhomedwa kunsi kwa denga, ndipo amuna a kumzikiti pamodzi ndi a kutchalitchi kwathu anamanga chisakasa cha udzu pabwalo kuti anganga azikhalapo masana. Amayi a nsomba anazula timitengo ta nimu tomera tokha kuseri kwa nyumba yanga, n'kutiwokera mozungulira bwalo lonse. Ankatithirira ndi madzi otsukira mbale, n'kutitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye.

Nkhondo yaikulu inali ya kumjigo. Amayi a nsomba ananena kuti zigubu za okalamba ndi za amayi oyamwitsa zizitsogola pamzere. Amayi ena anakana kwamtuwagalu. Mmodzi anati, "Nanga ifeyo tilibe ludzu? Ndabwera kuno tambala asanalire." Amayi a nsomba sanakangane naye. Anachotsa ndowa yawo imene inali yachitatu pamzere, anakaiika kumapeto kwenikweni, ndipo pamalo pake anaikapo chigubu cha gogo wina wakhungu. Anachita zimenezi tsiku lililonse, akumafika kwawo dzuwa likuswa mtengo, malonda atachedwa. Pakutha kwa sabata ziwiri, mayi wokana uja anayamba yekha kukoka zigubu za okalamba n'kuziika kutsogolo, ali kung'ung'udza.

Anganga anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo anamwalira nthawi ya dzinja ndi chifuwa, mwana wawo ali pambali.

Chilimwe chimene anganga anakomoka chija chisanathe, amayi a nsomba anayenera kupita ku Chiuta kukapikula. Madzulo ake anabwera pakhonde panga n'kunditchulira makomo a okalamba amene iwo ankazungulira tsiku ndi tsiku. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti amachita zimenezo.

"Mukaweruka kusukulu, muzikagogoda. Akayankha, musachoke msanga. Muone kuti amwa madzi inu muli pomwepo, chifukwa okalamba samva ludzu."

Mawa lake ndinayamba ndi gogo wakhungu uja. Analandira kapu, analawa, n'kundibwezera.

"Awa ndi madzi kapena tiyi? Anzanu aja amakulunga botolo m'chiguduli chonyowa."

Ndinabwerera kunyumba kukafuna chiguduli.