Chitseko cha Kwawo kwa Odile

Ndinali ndi zaka khumi pamene nsanje inandidya koyamba, ndipo chimene ndinkachitira nsanjecho chinali chitseko.

Tinkakhala kunja kwa dziko lathu, m'mafulati ku Kilimani, bambo akugwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri. Mnzanga wapamtima anali Wanjiru, mwana wa nyumba yoyandikana nafe. Kenako kunabwera Odile wa ku France, ndi chithunzi chake chosachoka m'thumba. Pachithunzipo panali nyumba ya agogo ake: masitepe amiyala, chitseko chamatabwa chosemedwa maluwa, ndi mutu wa mkango wamwala pamwamba pake.

"Boma limachiteteza," ankatero Odile, Chingerezi chikutulukira m'mphuno. "Ngakhale kukhomapo msomali, umayamba wapempha."

Wanjiru anatengeka nazo. Chimanga chootcha chimene tinkagula mumsewu wa Ngong Road n'kugawana awiri chinayamba kuthyoledwa patatu, ine n'kumalandira kunsonga kopanda njere. Zinkandiwawa kwabasi.

"Amayi, panyumba yathu ya ku Dedza boma limatetezapo chiyani?" ndinafunsa.

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe, boma likudziwa n'komwe kuti tili ndi nyumba? Tachoka apa, ndikusita."

Ndinakalirira kubafa.

Tsiku lina ine ndi Wanjiru tinam'peza Odile atakhala panja, maso ali psuu. Agogo ake anali atagwa, moti tsopano ankayendera njinga ya olumala. Njingayo sinkakwera masitepe aja, pachitseko sinkalowanso, ndipo chilolezo chogumula chinakanizidwa. Anawapititsa kunyumba yosungira okalamba.

Ine ndinangoti, "Agogo anga aamuna atafa ziwalo, bambo anatenga hamala n'kuphwanya masitepe, khomo n'kulikuza."

"Sanawamange?" anafunsa Odile.

"Awamange ndani? Nyumba ndi yathu."

Anandiyang'ana ndi maso amene ndinawazindikira msanga, chifukwa ndi omwewo ndinkayang'anira chithunzi chake. Ndisaname, mumtima ndinamva kukoma. Madzulo ake Wanjiru anathyola chimanga pakati, theka kwa Odile, theka kwa ine, iye osalawako. Kukoma kuja kunathera pomwepo.

Lero ndikaona nyumba zakale zosemedwa bwino ndimasilirabe, sindikana. Koma ndimayamba ndadzifunsa ngati mwini wake adzalowemo akadzakalamba. Khomo lathu la ku Dedza n'lokhota mpaka pano, simenti yake yamawangamawanga, palibe mlendo anayamba walijambulapo. Koma agogo anamwalirira m'chipinda chawo.